Loránd Eötvös

Loránd Eötvös (27 Julayi 1848 – 8 Epulo 1919) anali katswiri wa sayansi ya fizikisi wa ku Hungary, mphunzitsi wa pa yunivesite, komanso kwa miyezi isanu ndi iwiri anali nduna ya zamaphunziro ya dziko lake. M'mabuku ambiri a Chijeremani ndi a Chingerezi amalembedwa kuti Roland von Eötvös. Amadziwika kwambiri chifukwa cha sikelo imene anapanga yoyezera kusiyana kochepetsetsa kwa mphamvu yokoka ya dziko lapansi pakati pa malo awiri oyandikana. Sikeloyo inathandiza anthu kudziwa zimene zili pansi pa nthaka asanakumbe, ndiponso inatsimikizira kuti zinthu zonse, kaya ndi chitsulo, mtengo kapena madzi, zimagwa mofanana. Pa mfundo ziwirizi ndi pamene patsamira ntchito ya masiku ano yoyeza mphamvu yokoka ya dziko kuchokera mumlengalenga, kuphatikizapo zida zatsopano za quantum zogwiritsa ntchito maatomu ozizira. Muyezo wa kusiyana kwa mphamvu yokokako umatchedwa eotvos pomukumbukira iye.

Kubadwa ndi banja lake

Eötvös anabadwira ku Buda, mzinda umene mu 1873 unaphatikizidwa ndi Pest ndi Óbuda n'kukhala Budapest. Banja lawo linali la anthu olemekezeka. Bambo ake, József Eötvös (1813–1871), anali mlembi wa mabuku wotchuka komanso wandale, ndipo mayi ake anali Ágnes Rosty. Mwanayo anabadwa m'chaka chimene anthu a ku Hungary anaukira ulamuliro wa mafumu a ku Austria. Pa nthawiyo bambo ake anali nduna ya zachipembedzo ndi zamaphunziro m'boma latsopano la dzikolo. Nkhondo itayamba, banjalo linachoka m'dzikomo n'kukakhala ku Munich kwa zaka zingapo, kenaka linabwerera kwawo.

Mu 1867 József Eötvös anakhalanso nduna ya zamaphunziro, ndipo ndiye anatsogolera lamulo la mu 1868 lokakamiza kuti ana onse azipita ku sukulu ya pulayimale. Choncho Loránd anakulira pakhomo pamene nkhani za mabuku, sukulu ndi tsogolo la dziko zinali zokambirana za tsiku ndi tsiku.

Maphunziro

Anaphunzira sekondale pa sukulu ya ansembe a chipani cha Piarist ku Pest. Mu 1865 analowa yunivesite ya ku Pest kukaphunzira zamalamulo, monga ankachitira anyamata ambiri a m'mabanja olemekezeka amene ankayembekezeka kudzalowa ndale. Koma mtima wake unali pa masamu ndi sayansi ya zachilengedwe. Anapempha bambo ake kuti amulole kusiya zamalamulo, ndipo iwo anavomera.

Mu 1867 anapita ku yunivesite ya Heidelberg ku Germany, kumene kunali aphunzitsi atatu otchuka: Gustav Kirchhoff, Hermann von Helmholtz ndi Robert Bunsen. Anakhalakonso kwa kanthawi ku Königsberg, kumene anaphunzira kwa Franz Neumann, asanabwerere ku Heidelberg. Analandira digiri ya udokotala mu 1870 atakhoza bwino kwambiri. Ku Germany anatengako chizolowezi chimene anakhala nacho moyo wake wonse, choyeza chinthu chimodzi mobwerezabwereza n'kufufuza kalikonse kamene kangasokoneze muyezo.

Uphunzitsi ndi kafukufuku woyamba

Atabwerera kwawo anayamba kuphunzitsa pa yunivesite ya ku Pest mu 1871, chaka chimene bambo ake anamwalira. Mu 1872 anakhala pulofesa. Mu 1878 analowa m'malo mwa Ányos Jedlik monga mkulu wa dipatimenti ya fizikisi yoyesa zinthu ndi zida, ndipo anakhala pa yunivesiteyo mpaka imfa yake.

Kafukufuku wake woyamba anali wokhudza pamwamba pa zinthu zamadzimadzi. Pamwamba pa madzi pamakhala ngati pali kakhungu kokungika, n'chifukwa chake dontho limakhala lobulungira ndipo tizilombo tina timayenda pa madzi osamira. Eötvös anapeza njira yoyezera kukungikako poona mmene kuwala kukubwerera kuchokera pamwamba pa madziwo. Mu 1886 anafalitsa lamulo losonyeza mmene kukungikako kumacheperachepera chinthucho chikamatenthedwa. Mpaka lero limatchedwa lamulo la Eötvös. Kuyambira m'zaka zimenezo anatembenukira ku mphamvu yokoka ya dziko, ndipo sanaisiyenso.

Sikelo ya waya wopotoka

Mphamvu yokoka ndi imene imagwetsa mango kuchokera mumtengo ndi kutsetsereza madzi a mumtsinje. Chinthu chogwa chimawonjezera liwiro lake ndi mamita pafupifupi 9.8 pa sekondi, pa sekondi iliyonse. Koma nambalayi si imodzimodzi paliponse. Pa equator ndi 9.78, pamene kumapeto a dziko kumpoto ndi kummwera ndi 9.83. Imasinthanso pang'ono kwambiri malinga ndi zimene zili pansi. Miyala yolemera imakoka kwambiri kuposa mchenga, mchere kapena dothi lofewa.

Kale akatswiri ankayeza mphamvuyi ndi chitsulo cholendewera ngati cha wotchi yapakhoma, powerenga nthawi imene chimatenga kupita uku ndi uku. Njirayi inkapereka kukula kwa mphamvu yokoka pa malo amodzi, koma inali yochedwa ndipo sinkaona kusiyana kwakung'ono. Eötvös anasintha funso. M'malo mofunsa kuti dziko likukoka ndi mphamvu yochuluka bwanji pano, anafunsa kuti kukokako kukusiyana bwanji pakati pa pano ndi apo, ngakhale patalikirane ndi mkono umodzi wokha.

Chida chake chinachokera ku sikelo imene Charles-Augustin de Coulomb ndi Henry Cavendish anagwiritsa ntchito m'zaka za m'ma 1700. Kandodo kopepuka, kotalika pafupifupi masentimita 40, kamapachikidwa chopingasa pa waya wa pulatinamu wopyapyala kuposa tsitsi la munthu. Kumapeto onse awiri a kandodoko kumakhala tizitsulo tolemera mofanana. Ngati dziko likukoka tizitsulo tiwirito molunjika mbali zosiyana pang'ono, kandodoko kamatembenuka ndipo waya amapotoka. Kagalasi komatidwa pa kandodoko kamasonyeza kukula kwa kutembenukako. Chimene Eötvös anawonjezera n'chakuti kachitsulo kamodzi anakatsitsa ndi waya wina kuti kalendewere m'munsi, kupitirira theka la mita pansi pa kanzake. Kusintha kooneka kwakung'onoku kunachititsa kuti sikeloyo izisonyeza mbali imene mphamvu yokoka ikukulira, kutanthauza mbali imene kuli miyala yolemera yobisika.

Sikeloyo inali yovuta kuisamala. Kamphepo kapena kutentha kwa thupi la munthu kunali kokwanira kuisokoneza, choncho inkatsekeredwa m'zotchinga zachitsulo zingapo, ndipo kutchire ankayeza usiku pamene kutentha sikusinthasintha. Akaitembenuza ankadikira nthawi yaitali kuti kandodoko kakhazikike, ndipo pa malo amodzi ankayenera kuilozetsa mbali zingapo. Zidazi ankazipanga ndi mmisiri Nándor Süss mumzinda wa Budapest.

Eotvos imodzi ndi kusintha kwa mphamvu yokoka ndi gawo limodzi mwa magawo pafupifupi 10 biliyoni pa mtunda wa mita imodzi. Sikelo ya Eötvös inkatha kuona kusintha kochepa motero.

Pa phiri la Ság ndi pa nyanja ya Balaton

Mu 1891 sikeloyo inayesedwa koyamba kunja kwa nyumba, pa phiri la Ság pafupi ndi tawuni ya Celldömölk. Phirili linali la mwala wophulika kuchokera pansi ndipo linali loumbika bwino, kotero kukoka kwake kunali kosavuta kukuwerengera pa pepala n'kuyerekeza ndi zimene sikelo ikunena.

Sikelo ina imene anapanga mu 1898 inaonetsedwa pa chionetsero cha dziko lonse ku Paris mu 1900. M'nyengo yozizira ya 1901, komanso ya 1903, Eötvös ndi anzake anapita nayo pa nyanja ya Balaton madzi ake ataundana. Anasankha pamenepo chifukwa pamwamba pa madzi oundana ndi posalala, palibe zitunda kapena maenje osokoneza muyezo, ndiye chilichonse chimene sikelo yaona chiyenera kukhala chochokera pansi. Anagona m'tizisakasa pa ayeziyo, ndipo anapeza mzere wa miyala yobisika woyenda motsata utali wa nyanjayo. Mu 1902 anapanga sikelo yapawiri, yokhala ndi tindodo tiwiri toloza mosiyana, imene inachepetsa nthawi yoyezera.

Poyamba ntchitoyi inkayenda ndi thandizo la bungwe la akatswiri a sayansi la dzikolo komanso la Andor Semsey, munthu wachuma wokonda sayansi. Mu 1906 msonkhano wa mayiko wa akatswiri oyeza dziko unachitikira ku Budapest. Nthumwi zina zinapita kukaona gulu la Eötvös likugwira ntchito pafupi ndi mzinda wa Arad, ndipo zitakhutira zinapempha boma la Hungary kuti lithandize. Kuyambira mu 1907 boma linayamba kupereka makorona 60,000 pa chaka. Ndi ndalamazi magulu ake anayeza malo ambiri m'chigwa chachikulu cha Hungary.

Kodi zinthu zonse zimagwa mofanana?

Kulemera kwa chinthu kumaonekera m'njira ziwiri. Yoyamba ndi mmene dziko limachikokera: thumba la chimanga limavuta kunyamula kuposa la makala. Yachiwiri ndi mmene chimakanira kusunthidwa: ngolo yodzaza imavuta kuikankha, ndipo ikayamba kuyenda imavuta kuiimitsa, ngakhale pa malo osalala. Galileo Galilei ndi Isaac Newton anaona kuti ziwirizi zimayendera limodzi, n'chifukwa chake mwala waukulu ndi waung'ono zimafika pansi nthawi imodzi ngati mpweya sukutchinga. Koma palibe ankadziwa ngati zimafanana ndendende pa chinthu cha mtundu uliwonse. Newton anatsimikiza mpaka gawo limodzi mwa 1,000, ndipo Friedrich Bessel anafika pa gawo limodzi mwa masauzande makumi angapo.

Eötvös anagwiritsa ntchito kuzungulira kwa dziko. Chinthu chilichonse cha padziko chimakokedwa kuloza pakati pa dziko, komanso chimakankhidwira kunja pang'ono chifukwa dziko likuzungulira, monga mwala womangidwa ku chingwe umachitira munthu akamaupukusa. Kukoka kumadalira kulemera kwa mtundu woyamba, kukankhidwira kunja kumadalira kwa mtundu wachiwiri. Iye anaika zinthu ziwiri zosiyana kumapeto kwa kandodo koloza kum'mawa ndi kumadzulo. Zikanakhala kuti mitundu iwiri ya kulemera ija imasiyana pa chimodzi mwa zinthuzo, waya akanapotokera mbali imodzi, ndipo potembenuza sikelo yonse akanapotokera mbali inayo.

Mu 1889 analengeza kuti sanapeze kusiyana kulikonse mpaka gawo limodzi mwa magawo 20 miliyoni. Kuyambira mu 1906 mpaka 1909 anabwereza ntchitoyi pamodzi ndi Dezső Pekár ndi Jenő Fekete. Anayerekeza pulatinamu ndi zinthu monga mkuwa, madzi, mafuta a nyama, asibesitosi ndi mtengo wolimba, ndipo anafika pa gawo limodzi mwa magawo 200 miliyoni osapezabe kusiyana. Ntchitoyi inalandira mphotho ya Beneke ya yunivesite ya Göttingen mu 1909, koma inasindikizidwa mokwanira mu 1922, iye atamwalira kale.

Zotsatira zosonyeza kuti palibe kusiyana zingaoneke ngati zopanda phindu, koma zinakhala zofunika kwambiri. Chiphunzitso cha Albert Einstein cha mphamvu yokoka, chimene anamaliza mu 1915, chinamangidwa pa mfundo yakuti zinthu zonse zimagwa mofanana. Einstein ndi Marcel Grossmann anatchula miyezo ya Eötvös m'nkhani yawo ya mu 1913. Kukanapezeka kusiyana, chiphunzitsocho chikanagwa.

Kulemera kwa chinthu choyenda chakum'mawa

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, Oskar Hecker wa ku Potsdam anayeza mphamvu yokoka ali m'sitima za pamadzi pa nyanja za Atlantic, Indian ndi Pacific. Powerenga zotsatirazo, Eötvös anaona kuti kayendedwe ka sitima sikanawerengeredwe. Dziko limazungulira chakum'mawa. Sitima yopita kum'mawa imawonjezera liwiro lake pa la dziko, kukankhidwira kunja kuja kumakula, ndipo katundu wake amapepukirako. Yopita kumadzulo imachotsera, ndipo katundu amalemererako. Mu 1908 miyezo yatsopano pa nyanja ya Black Sea inatsimikizira zimenezi, ndipo mu 1915 Eötvös anapanga kachida kozungulira kosonyeza zomwezi m'chipinda.

Kukula kwa kusinthaku kungaonekere pa njanji yochokera ku Nkaya m'boma la Balaka, yowoloka Shire pa Liwonde n'kukafika ku Nayuchi m'boma la Machinga. Sitima ikamaloza kum'mawa ndendende pa liwiro la makilomita 60 pa ola, thumba la chimanga la makilogalamu 50 lingaoneke pa sikelo ya sipuling'i ngati lapepuka ndi magalamu pafupifupi 12, ndipo pobwerera lingaoneke ngati lalemera ndi magalamu omwewo. Kwa wamalonda zimenezi si kanthu, koma kwa woyeza mphamvu yokoka ali m'sitima kapena m'ndege n'zazikulu kuposa kukoka kwa miyala imene akufufuza. Mpaka lero muyezo uliwonse wotere umakonzedwa ndi masamu otchedwa dzina la Eötvös.

Maudindo ena

Eötvös anasankhidwa kukhala membala wa Hungarian Academy of Sciences mu 1873, ndipo anali pulezidenti wa bungweli kuyambira mu 1889 mpaka 1905. Anali mkulu wa yunivesite ya Budapest m'chaka cha maphunziro cha 1891–1892. Mu 1891 anayambitsa bungwe la akatswiri a masamu ndi fizikisi. Mu Juni 1894 anasankhidwa kukhala nduna ya zachipembedzo ndi zamaphunziro, udindo womwe bambo ake anali nawo, ndipo anautula mu Januwale 1895 boma litasintha, n'kubwerera ku kalasi ndi ku zida zake.

Pokondwerera kusankhidwa kwake, bungwe la masamu lija linayambitsa mu 1894 mpikisano wa ophunzira omaliza sekondale. Ena mwa opambana ake, monga Lipót Fejér ndi Theodore von Kármán, anadzakhala akatswiri odziwika padziko lonse. Mu 1895 kunatsegulidwa Eötvös József Collegium, nyumba yogonera ndi kuphunzirira imene iye anaiyambitsa m'dzina la bambo ake, kuti achinyamata anzeru, ngakhale ochokera m'mabanja osauka, aphunzire bwino n'kukhala aphunzitsi a sekondale. Iye ankakhulupirira kuti munthu sangaphunzitse sayansi bwino ngati iye mwini saichita.

Banja ndi kukwera mapiri

Mu 1876 anakwatira Gizella Horváth, mwana wa yemwe kale anali nduna ya zachilungamo. Ana awo aakazi awiri amene anakula anali Rolanda ndi Ilona. Eötvös ankakonda kukwera mapiri kuyambira ali mnyamata, ndipo nthawi yopuma ankapita ku mapiri a Dolomites, amene lero ali kumpoto kwa Italy. Nsonga ina kumeneko imatchedwa Cima di Eötvös. Ana ake aja anatengera bambo awo, ndipo mu 1901, pamodzi ndi anthu owatsogolera, anakhala oyamba kukwera khoma lakummwera la phiri la Tofana di Rozes. Iye analinso wokonda kujambula zithunzi, ndipo zambiri za maulendo ake zinasungidwa.

Imfa yake

M'zaka zomaliza za nkhondo yoyamba ya dziko lonse Eötvös anayamba kudwala, komabe anapitiriza kulemba ali chigonere. Mu Januwale 1918 Einstein anamulembera kalata yopempha maganizo ake pa munthu woyenera kutsogolera likulu loyeza dziko la ku Potsdam. Anamwalira ku Budapest pa 8 Epulo 1919 ali ndi zaka 70, patangopita masabata ochepa chikomyunizimu chitatenga boma la Hungary kwa kanthawi. Anaikidwa ku manda a Kerepesi. Gulu lake la oyeza linasanduka Eötvös Loránd Geophysical Institute, ndipo mtsogoleri wake woyamba anali Pekár.

Sikeloyo pa ntchito yofufuza mafuta

Eötvös sanalembetse sikelo yake kuti ikhale yake yekha, ndipo sanalemere nayo. Mu 1916, potsatira maganizo a katswiri wa miyala Hugó Böckh, sikeloyo inayesedwa pa malo a mafuta a Egbell, amene lero amatchedwa Gbely ku Slovakia. Inasonyeza bwino chitunda cha miyala chobisika chimene mafuta anali atasonkhanamo. Nkhondo itatha, makampani a mafuta anatengera masikelowa ku America. Mu 1924 sikelo yotere inapeza mulu wa mchere wobisika pa Nash Dome ku Texas, ndipo m'mbali mwake munadzapezeka mafuta. Malowa amawerengedwa ngati oyamba ku United States kupezeka ndi njira yoyeza pamwamba pa nthaka. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1930 zida zing'onozing'ono za sipuling'i, zoyeza mofulumira, zinalowa m'malo mwa sikeloyo.

Kuyeza kuchokera mumlengalenga

Sikelo inatha ntchito, koma funso la Eötvös linapitirira. Setilaiti yozungulira dziko imakhala ikugwa nthawi zonse, choncho chida cha mkati mwake sichingamve mphamvu yokoka yeniyeniyo. Chimene chingamve ndi kusiyana kwa kukoka pakati pa malo awiri, chomwe ndi chimene Eötvös ankayeza.

Pa 17 Malichi 2002 bungwe la NASA la ku America ndi la DLR la ku Germany anatumiza masetilaiti awiri otchedwa GRACE. Ankatsatana motalikirana makilomita pafupifupi 220. Yakutsogolo ikayandikira malo okoka kwambiri inkathamangirako pang'ono, mtunda wa pakati pawo n'kusintha. Poyeza kusinthako mwezi ndi mwezi, akatswiri anaona madzi oundana a ku Greenland ndi Antarctica akuchepa, ndiponso madzi a pansi pa nthaka akutsika kumpoto kwa India ndi ku California. Ntchitoyi inatha mu 2017, ndipo GRACE-FO inalowa m'malo mu Meyi 2018. Setilaiti ya GOCE ya bungwe la European Space Agency, imene inagwira ntchito kuyambira mu 2009 mpaka 2013 pa mtunda wa makilomita pafupifupi 255 kuchokera pansi, inanyamula tizida sikisi toikidwa tiwiritiwiri motalikirana theka la mita, ndipo miyezo yake inkalembedwa mu eotvos. Njira ya masetilaiti awiri inagwiritsidwanso ntchito pa mwezi mu 2012, pa ulendo wa GRAIL.

Funso lake lina, lakuti kodi zinthu zimagwa mofanana, nalonso linafika mumlengalenga. Setilaiti ya ku France yotchedwa MICROSCOPE, yotumizidwa mu 2016, inayerekeza kagwedwe ka pulatinamu ndi titaniyamu. Zotsatira za mu 2022 sizinapeze kusiyana mpaka gawo limodzi mwa 1,000,000,000,000,000.

Zida za quantum

Zida za zitsulo ndi magetsi zimasintha pang'onopang'ono zikamakalamba, ndipo miyezo yake imasochera. N'chifukwa chake akatswiri akutembenukira ku maatomu, amene satha ndipo onse a mtundu umodzi amafanana ndendende. Pogwiritsa ntchito kuwala kwa laser, kamtambo ka maatomu a rubidium kamaziziritsidwa mpaka pafupi kwambiri ndi madigiri -273.15, pamene palibenso kuzizira kopitirira. Malinga ndi sayansi ya quantum, atomu imachitanso ngati funde, ndipo ikazizira motero khalidweli limaonekera bwino. Kuwala kwa laser kumagawa fundelo kuti liyende njira ziwiri, kenaka n'kulikumanitsanso. Pokumanapo mafunde amawonjezerana kapena kufafanizana, monga amachitira mafunde a miyala iwiri yoponyedwa padziwe, ndipo maonekedwe ake amasonyeza mmene maatomuwo anakokedwera. Mark Kasevich ndi Steven Chu anaonetsa njirayi ku yunivesite ya Stanford mu 1991.

Timitambo tiwiri tikaikidwa motalikirana pang'ono n'kuyezedwa ndi laser imodzi, kugwedezeka kwa chida kumakhudza tonse mofanana n'kuchotsedwa, ndipo chotsala ndi kusiyana kwa kukoka. Timitamboti tikugwira ntchito ya tizitsulo tiwiri ta pa sikelo ya Eötvös. Mu 2022 gulu la ku yunivesite ya Birmingham linalengeza kuti lapeza ngalande ya pansi pa msewu ndi chida chotere. Padziko maatomu amagwa n'kufika pansi msanga, koma mumlengalenga angayandame nthawi yaitali, ndipo nthawiyo ikawirikiza kawiri, kuona kwa chida kumawirikiza kanayi. Kuyambira mu 2018 chida cha Cold Atom Lab chakhala chikuziziritsa maatomu pa International Space Station. Mu Epulo 2025 likulu la NASA la Jet Propulsion Laboratory linafotokoza za Quantum Gravity Gradiometer Pathfinder, chida choyeserera chokhala ndi timitambo tiwiri ta rubidium chimene akufuna kuchitumiza mumlengalenga. Ku Ulaya kuli ntchito yofanana nayo yotchedwa CARIOQA. Zonsezi zikadali pa msinkhu woyesa ngati njirayi ingagwire ntchito pa setilaiti.

Njirazi m'Malawi

Malawi ali m'chigwa chachikulu chong'ambika cha kum'mawa kwa Africa, kumene dothi ndi mchenga zopepuka zinadzaza pakati pa makoma a miyala yolemera. Malo otere amaoneka bwino pa mapu a mphamvu yokoka. M'boma la Machinga muli mapiri a Chikala, Chaone, Mongolowe ndi Chinduzi, ndipo ku Balaka kuli phiri la Kangankunde lokhala ndi miyala ya mtengo wapatali yosowa. Onsewa ndi a gulu limodzi la miyala imene inakwera ili yosungunuka kuchokera pansi, ndipo mbali yake ina ikadali yobisika. Mu 2013 ndi 2014 ndege zinauluka m'dziko lonse pa kafukufuku amene anthu anamutcha Kauniuni, ndipo m'madera ena zinayezanso mphamvu yokoka. Miyezo yotere ya m'ndege singawerengeke popanda masamu a Eötvös aja.

Masetilaiti amathandiza pa nkhani ya madzi. Nyanja ya Chilwa, imene asodzi ndi alimi a mpunga a ku Machinga amadalira, inauma mu 1968 ndi mu 1995, ndipo inaphwanso kwambiri mu 2018. Madzi akachepa m'nyanja, m'dothi ndi pansi pa nthaka, dera lonse limapepuka ndipo kukoka kwake kumatsika. Komabe GRACE ndi GRACE-FO zimaona dera la makilomita pafupifupi 300 ngati chinthu chimodzi, choncho zingasonyeze kuuma kwa chigwa chonse cha Zambezi kapena kusefukira kwa nyanja ya Malawi, koma osati mjigo umodzi wa ku Ulongwe kapena ku Ntaja. Cholinga china cha zida za quantum ndi kuchepetsa kukula kwa dera limene setilaiti ingasiyanitse.

Chikumbutso

Yunivesite ya Budapest inatchedwa Eötvös Loránd University mu 1950. Dzina lake lilinso pa chigwa china cha kuseri kwa mwezi, pa mwala wa mumlengalenga wa nambala 12301, ndi pa mwala wa m'nthaka wotchedwa lorándite. Gulu la akatswiri a pa yunivesite ya Washington limene likupitiriza kuyesa mphamvu yokoka ndi masikelo a waya wopotoka limatchedwa Eöt-Wash. Mu 2015 bungwe la UNESCO linaika zolemba zitatu zokhudza sikelo yake pa mndandanda wa Memory of the World, ndipo mu 2019 linagwirizana ndi dziko la Hungary pokumbukira kuti patha zaka 100 chimwalirireni iye.